Mavairasi Ali ndi Mbiri Yawo: Mafunso ndi Mayankho

Mlimi wa chinangwa ku Nkhotakota, mayi wopita ndi mwana kusikelo ndi msodzi wokatenga ma ARV kuchipatala, onsewa akulimbana ndi adani a mtundu umodzi, mavairasi. Poti tizirombo timeneti sitioneka ndi maso, zokamba zimachuluka. Wina amati ndi ufiti, wina amati adachita kupanga m'labotale, wina amaloza chala alendo. Koma masiku ano asayansi ali ndi njira yofunsira kachirombo komweko kuti kadachokera kuti, kadadutsa kuti, ndipo abale ake ndi ati. Ena mwa mayankho ofunika adapezeka m'mphepete mwa nyanja yathu yomwe ino.

Kodi vairasi n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi tizirombo tina?

Kachirombo koyambitsa kolera ndi bakiteriya. Kamadya, kamakula, kamagawikana kokha. Koyambitsa malungo nako kali ndi thupi lokwanira ngakhale ndi kakang'ono. Vairasi siili choncho. Ndi kamndandanda ka malangizo kokutidwa ndi chikhungwa cha mapuloteni basi. Payokha singadye kapena kuswana. Imayenera kulowa m'selo ya munthu, ya nyama kapena ya chomera, n'kuilamula kuti isiye ntchito yake iyambe kupanga mavairasi ena. N'chifukwa chake mankhwala opha mabakiteriya, monga amoxicillin, sachiza chimfine.

Chikuku, poliyo, chiwewe, Edzi ndi Covid-19 ndi matenda a mavairasi. Chitopa cha nkhuku ndi chigodola cha nkhumba nazonso ndi zomwezo. Vairasi yoyamba kudziwika idapezeka mu fodya. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia adasefa madzi a masamba odwala ndi sefa yotsekereza mabakiteriya onse, koma madziwo adadwalitsabe fodya wina. Mu 1898 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands adatsimikiza kuti choyambitsa matendawo chidali chinthu cha mtundu watsopano.

Nanga jinomu imene asayansi amawerengayo ndi chiyani?

Ndi malangizo onse a chibadwa amene chamoyo chimatenga kwa makolo ake. Amasungidwa mu DNA, ndipo mavairasi ambiri amawasunga mu RNA. Malangizowa amapangidwa ndi timagawo ta mitundu inayi yokha, timene asayansi amatilemba ndi zilembo A, C, G ndi T. Mu RNA, U imalowa m'malo mwa T. Jinomu ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Ya poliyo ili ndi pafupifupi 7,500, ya HIV pafupifupi 9,700, ndipo ya kachirombo ka Covid-19 pafupifupi 30,000.

Jinomu yathunthu ya vairasi idawerengedwa koyamba mu 1976 ku Belgium, ndipo mu 1977 Frederick Sanger wa ku Cambridge adatulukira njira imene idafala padziko lonse. Kale ntchitoyi inkatenga zaka. Lero kuli makina okwana m'dzanja, olumikiza ku kompyuta, otha kuwerenga vairasi tsiku limodzi. Ofufuza amatenga dontho la magazi, chimbudzi cha mwana, mamina kapena tsamba la chinangwa, amapatula DNA kapena RNA, makina n'kutulutsa mzere wautali wa zilembo. Mzerewo amauyerekeza ndi mizere ina zikwizikwi imene anzawo a m'maiko ena adaika kale pa intaneti.

Zilembo chabe zingaulule bwanji kumene kachirombo kadachokera?

Mphunzitsi aliyense amaidziwa nzeru imeneyi. Mwana akakopera manotsi kwa mnzake, amakopera ndi zolakwa zomwe, kenako amawonjezera chake. Wachitatu akakopera kwa wachiwiri, amatenga zolakwa ziwiri zija n'kuikapo chachitatu. Mphunzitsi akasonkhanitsa makope onse, amadziwa amene adayamba ndi amene adakopera kwa mnzake pongoona zolakwa zofanana. Vairasi nayo nthawi iliyonse ikamaswana imakopera zilembo zake, ndipo apa ndi apo chilembo chimasintha. Ana ake onse amatengera kusinthako. Mavairasi awiri akakhala ndi zosintha zambiri zofanana, ndiye kuti kholo lawo ndi limodzi ndipo adasiyana posachedwa.

Zosinthazi zimaunjikana pa liwiro lodziwika. Pa kachigawo ka poliyo kamene amakonda kuyeza, chilembo chimodzi pa 100 alionse chimasintha pa chaka. Choncho akawerenga kusiyana kwa mavairasi awiri, amatha kuwerengetsa zaka zimene zadutsa chisiyanirane. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha: kusintha kumodzi n'kochepa, koma pakatha zaka makumi angapo pamabadwa mtundu wina. Palinso njira yachidule. Mavairasi awiri achibale akalowa m'selo imodzi, amatha kusinthana zigawo zathunthu, n'kutuluka mwana wosakanizika amene nthawi zina amakhala woopsa kuposa makolo ake.

Tiyambe ndi kumunda. Khate la chinangwa lidachokera kuti?

Kwa anthu a ku Nkhotakota funso ili ndi la m'mbale, chifukwa kondowole ndiye nsima ya tsiku ndi tsiku ndipo chigwada ndi ndiwo. Chomera chodwala khate chimadziwika patali: masamba amakhala a mawanga achikasu ndi obiriwira, opiringizika, ang'onoang'ono, ndipo tsinde limapinimbira. Pansi pamakhala timizu towonda.

Chinangwa kwawo ndi ku South America. Apwitikizi ndiwo adachibweretsa ku Africa m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuno kum'mawa chidafala mochedwerapo. Chodabwitsa n'chakuti kwawo kwa chinangwako kulibe mavairasi oyambitsa khate limeneli. Jinomu zawo zimasonyeza kuti ndi achibale a mavairasi a zomera za kuno. Ndiye kuti chinangwa chidabwera chopanda matendawa, chidawapeza konkuno. Tintchentche toyera timene timabisala kunsi kwa masamba tidatenga mavairasi m'zomera zakutchire n'kuwasamutsira pa mbewu yachilendoyi. Matendawa adalembedwa koyamba mu 1894 m'dziko limene lero ndi Tanzania.

Kuwerenga jinomu kudaonetsanso kuti khateli silichokera kwa vairasi imodzi. Ndi gulu la achibale, aliyense ali ndi timikombero tiwiri ta DNA ta zilembo pafupifupi 2,800 kalikonse. Mmodzi mwa iwo adadziwika koyamba pa chinangwa cha kuno, moti dzina lake la sayansi lili ndi mawu akuti Malawi. Kuopsa kwa kusakanizika kudaoneka ku Uganda. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khate lamphamvu lidasesa minda kumeneko mpaka alimi ambiri kusiya chinangwa. Mu 1997 ofufuza adapeza kuti vairasi yake idali mwana wa mitundu iwiri imene idasinthana zigawo. Mitengo ya chinangwa yochokera kumadera osiyana ikamakumana m'munda umodzi popanda kuiyang'anira, mavairasi ake nawo amakumana.

Nanga matenda aja owoletsa chinangwa m'kati?

Amenewa ndi ena, ndipo amapweteka mtima koposa chifukwa amabisala. Munda umaoneka bwino, kupatula chikasu chotsata mitsempha ya masamba akunsi ndi timizere takuda pa tsinde lanthete. Mayi akumba chinangwa chachikulu, asenda, adula. M'kati apeza zigamba zofiirira, zouma, zofumbutuka. Ayamba kusema ndi mpeni kuchotsa powola, ndipo chotsala choti akaviike n'chochepa. Thukuta la chaka chathunthu lathera pamenepo.

Matendawa adafotokozedwa koyamba mu 1936 ku Amani, ku Tanzania, ndipo pofika 1950 adali atalembedwa kale m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Kwa zaka zambiri ankapezeka kumadera otsika okha, osafika mamita 1,000 kutalika kuchokera pa nyanja yamchere, monga kugombe la Indian Ocean ndi kuchigwa cha nyanja yathu. Kuyambira 2004 adabuka kumtunda ku Uganda n'kufalikira maiko ozungulira. Jinomu zidaulula kuti oyambitsa ndi mavairasi awiri osiyana, ndipo onse awiri alipo m'Malawi. Zidaululanso chinthu chachilendo: mavairasiwa ali ndi kachigawo kotchedwa Ham1 kofanana ndi kamene kamapezeka m'maselo a zomera ndi zamoyo zina, chizindikiro chakuti kholo lawo lidakatola m'selo imene lidalowamo kalekale.

Kudziwa kuti mavairasi ndi awiri kuli ndi phindu lenileni. Wopanga mbewu yatsopano kumalo a kafukufuku monga Chitedze kapena Mkondezi ayenera kuiyesa pa onse awiri, apo ayi angapatse alimi mbewu yopirira mmodzi koma yogonja kwa mnzake. Ndipo ngakhale tintchentche timafalitsa matendawa, mtunda wautali amauyenda pa njinga, pa galimoto ndi pa boti, m'mitolo ya mitengo yobzala imene timapatsana pachibale.

Tibwere kwa anthu. Kodi HIV adachita kupanga?

Ayi. Jinomu ya HIV imafanana kwambiri ndi ya kachirombo kopezeka mwa anyani akuluakulu a mtundu wa chimpanzi, ndipo wachibale wapafupi wa HIV imene idafala padziko lonse adapezeka mwa achimpanzi a kum'mwera chakum'mawa kwa Cameroon. Njira yodziwika imene kachirombo kotere kamalowera mwa munthu ndi magazi, pamene mlenje akusenda nyama ali ndi bala.

Umboni wa nthawi udachokera m'zinthu zakale zosungidwa. Magazi otengedwa mu 1959 ku Léopoldville, mzinda umene lero ndi Kinshasa, adapezeka ndi HIV. Kanyama ka m'thupi kotengedwa mumzinda womwewo mu 1960 nako kadali nayo. Mavairasi awiriwa adali atasiyana kale kwambiri, kusonyeza kuti kholo lawo lidakhalapo zaka makumi angapo m'mbuyo. Kafukufuku wa 2014 adaloza ku Kinshasa cha m'ma 1920 monga pamene mliri udayambira kukula. Kuchokera apo kachirombo kadatsata njanji ndi mtsinje wa Congo, kufika kumigodi ya Mbuji-Mayi ndi Lubumbashi, ndipo mtundu wotchedwa C udalowera kum'mwera kwa Africa pamodzi ndi anthu oyenda pa ntchito. M'zaka zimenezo padalibe munthu wodziwa kapangidwe ka DNA, chifukwa kadadziwika mu 1953. HIV yeniyeniyo idadziwika mu 1983 ku Paris, itayenda kale mwa anthu zaka zoposa 60.

Kodi nyanja yathu ili ndi gawo lanji m'mbiri imeneyi?

Gawo lalikulu. Ku Karonga, kumpoto kwa nyanja yomweyi, kudali kafukufuku wa khate la anthu. Pakati pa 1981 ndi 1989 ogwira ntchito ankayenda mudzi ndi mudzi, kubaya chala, kudonthezera magazi pa timapepala, kuumitsa ndi kusunga. Adatenga magazi a anthu oposa 44,000, poyamba osaganizako za Edzi, poti m'Malawi wodwala Edzi woyamba adadziwika mu 1985. Patapita zaka ofufuza adabwerera ku timapepala tija, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2002.

Adapeza kuti pakati pa 1982 ndi 1984 HIV idalipo kale mwa anthu ochepa, ya mitundu itatu: A, C ndi D. Izi zikutanthauza kuti kachirombo sikadalowe kamodzi kapena ndi munthu mmodzi. Pofika kumapeto kwa zaka khumizo, pa anthu 10 alionse amene adali ndi HIV, 9 adali ndi mtundu wa C, ndipo mitundu yosakanizika idali itayamba kuoneka. Mpaka lero C ndiye wofala m'Malawi ndi kum'mwera konse kwa Africa. Timapepala ta ku Karonga tili m'gulu la umboni wakale kwambiri wa mtundu umenewu padziko lonse.

Wa ku Nkhotakota sangadabwe ndi kuyenda kotereku. Kuyambira m'ma 1840, nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, zombo zinkawoloka nyanja kuchokera padoko lino. Lero msewu wa M5, ntchito za nzimbe ku Dwangwa ndi asodzi osamuka doko ndi doko kutsata usipa zimasonkhanitsa anthu a kutali. Pamene pali malonda ndi ntchito pali anthu oyenda, ndipo mavairasi amayenda nawo.

Poliyo idabweranso bwanji mu 2022, dziko litauzidwa kuti idatha?

Mu Ogasiti 2020 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti poliyo yachilengedwe yatha m'chigawo cha Africa. Malawi adali ataiona komaliza mu 1992. Koma mu Novembala 2021 mwana wa zaka zitatu wa ku Lilongwe adapuwala mwadzidzidzi. Chimbudzi chake chidapimidwa ku South Africa ndi ku America, ndipo pa 17 Febuluwale 2022 boma lidalengeza za mliri.

Funso lidali lakuti, kodi poliyo idabisala m'dziko muno zaka 30, kapena idachokera kunja? Zilembo zidayankha: kachiromboko kadali mdzukulu wa kamene kankazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Kadalinso katasintha mokwanira kusonyeza kuti kadayenda mwa anthu kwa nthawi ndithu osadziwika. Izi n'zotheka chifukwa mwa anthu 200 otenga poliyo, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapuwala, enawo amangofalitsa. Mu 2022 momwemo ana 8 a m'chigawo cha Tete ku Mozambique adapezeka ndi kachirombo ka banja lomwelo.

N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo adayenda khomo ndi khomo kuyambira Malichi 2022, ku Nkhotakota ngati kwina kulikonse, kudonthezera ana katemera mobwerezabwereza n'kuwapaka inki pa chala. Mwana mmodzi wopuwala ku Lilongwe adali chizindikiro cha mazana ena osaoneka. Mu Meyi 2024 mliriwo udalengezedwa kuti watha m'maiko onse awiri.

Kodi kumene kachirombo kapezeka koyamba ndi kumene kadabadwira?

Osati nthawi zonse, ndipo Covid-19 idatiphunzitsa zimenezi mopweteka. Jinomu yake idafalitsidwa mu Januwale 2020, ndipo abale ake apafupi adapezeka m'mileme ya ku China ndi Laos. Malawi adalengeza odwala oyamba pa 2 Epulo 2020. Mtundu wa Beta udadziwika ku South Africa mu Disembala 2020, ndipo m'Januwale 2021 maliro adachuluka kuno, mpaka nduna ziwiri za boma zidamwalira tsiku limodzi.

Mu Novembala 2021 asayansi a ku Botswana ndi South Africa, kuphatikizapo Sikhulile Moyo ndi Tulio de Oliveira, adaona jinomu yokhala ndi zosintha zambiri modabwitsa n'kuchenjeza dziko mwachangu. Umenewu ndiwo Omicron. Malipiro ake adali akuti Britain ndi America adatseka zitseko kwa apaulendo a kum'mwera kwa Africa, Amalawi omwe. Posakhalitsa zidadziwika kuti Omicron idali kale m'maiko a ku Ulaya. Kachirombo kamapezeka koyamba kumene kuli anthu atcheru ndi makina. Jinomu imaonetsa njira imene matenda adayenda, ndipo kuigwiritsa ntchito posala fuko, dziko kapena asodzi a padoko lina ndi kuipotoza.

Nanga mavairasi oyambirira enieni adachokera kuti?

Vairasi siisiya mafupa m'nthaka, ndipo palibe kachigawo kamodzi ka jinomu kopezeka mwa mavairasi onse. Choncho asayansi ali ndi maganizo atatu. Ena amati mavairasi ndi otsalira a nthawi imene maselo adali asanakhalepo. Ena amati ndi tizidutswa ta DNA kapena RNA tothawa m'maselo. Ena amati adali maselo athunthu amene adataya ziwalo zawo chifukwa chozolowera kudalira ena, ndipo mavairasi akuluakulu monga Mimivirus, yofotokozedwa mu 2003, adalimbikitsa mtsutso umenewu. Ambiri lero amaona kuti magulu osiyana a mavairasi adayamba m'njira zosiyana.

Umboni wakale kwambiri uli mwa ife tomwe. Mavairasi a gulu la HIV amalowetsa zilembo zawo mu DNA ya selo. Akalowa m'dzira kapena mu umuna, zilembozo zimapita kwa ana ndi zidzukulu. Pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a jinomu ya munthu ndi zotsalira za mavairasi otere, a zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Zambiri zidafa ntchito, koma kachigawo kena kotchedwa syncytin thupi lidakasandutsa chida chomangira nsengwa, imene imadyetsa mwana m'mimba mwa mayi.

Kodi zonsezi zimuthandiza chiyani munthu wamba?

Choyamba, zimateteza mankhwala athu. HIV imasintha mofulumira, ndipo munthu akamadumphitsa ma ARV amapatsa mpata tizirombo tosamva mankhwala kuti tichuluke. Kuwerenga jinomu ndiko kudaonetsa kuti mankhwala akale ayamba kuchepa mphamvu m'maiko ambiri a kuno, ndipo mu 2019 Malawi adayamba kusamutsira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene kuchipatala amawatcha 13A.

Chachiwiri, zimalondera katemera. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akutsata rotavirus, kachirombo kotsegula m'mimba ana, kuyambira 1997. Katemera wake adayamba mu 2012, ndipo akatswiri a kuno monga Dr Khuzwayo Jere amawerenga jinomu zake kuti aone mitundu yatsopano imene ikutuluka. Ntchito yotere iyenera kukula, ndipo boma liyenera kuikapo ndalama, kuti chimbudzi cha mwana wa ku Benga kapena tsamba la chinangwa la ku Chia lisamadikire kuwoloka malire kuti liwerengedwe. Achinyamata okonda sayansi m'sukulu zathu adziwe kuti ntchito imeneyi ikuwadikira.

Chachitatu chili m'manja mwa aliyense. Vairasi imasintha pokhapokha ikamaswana, ndipo imaswana pokhapokha ikapeza thupi kapena chomera cholowamo. Alimi, dulani mbewu ya chinangwa m'munda umene mwauona ndi maso kuti ndi wathanzi, zulani chomera chodwala chikadali chaching'ono, ndipo mukaona zachilendo itanani mlangizi. Makolo, malizitsani katemera wa ana, ndipo mwana wosakwana zaka 15 akafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Inu amene muli pa ma ARV, imwani tsiku lililonse, ndipo mukamapita kukagona kunyanja kapena kudoko lina muzinyamula okwanira ulendo wonse.